Alubamu yanga patatha chaka ndi theka: kaprinta, fumbi ndi mtengo wa mapepala

Chapakati pa 2023 ndinalemba ndili ndi chimwemwe chodzaza tsaya nditangogula zipangizo zopangira alubamu ya banja lathu, kaprinta kakang'ono ka zithunzi, chodulira mapepala, tepi yomata mbali zonse ziwiri, timakona tolowetsamo zithunzi, zolembera, ndi alubamu yaikulu ija ya mainchesi 12 mbali zonse. Ndinati aliyense amene zithunzi zake zikungowolera mu foni agule zonsezi asachedwe. Sabata ino mnzanga wa ku kwaya wandifunsa ngati ndikadali pa mawu omwewo, poti akufuna kupangira mayi ake buku la zithunzi pomwe akukwanitsa zaka 70, nde ndaona kuti kumuyankha ndi voice note sikukwana, bola ndilembe zonse aliyense awerenge yekha. Zina mwa zinthuzi ndingagulenso mawa lomwe, koma kaprinta kaja nkhani yake ndi yaitali.

Kwa amene simunaonepo ntchito yake, theka limachitikira pa foni kapena pa laputopu, theka linalo pa tebulo ndi sizasi. Zithunzi zakale za pa pepala ndimazijambula kuti zilowe mu foni, zatsopano za mu foni ndimaziprinta kuti zibwere pa pepala, kenako zonse zimakumana pa tsamba limodzi pamodzi ndi zinthu zogwirika, kadi ya ukwati, pulogalamu ya maliro, kachidutswa ka chitenje cha pa chinkhoswe, lipoti la kusukulu la mwana. Tsamba likatha ndimalijambulanso nkulisunga pa Google Drive. Ndinayamba zimenezi chifukwa cha namondwe wa Freddy. Mu Malichi 2023 matope analowa mnyumba mwa azakhali ku Chilobwe, iwo anapulumuka tithokoze Mulungu, koma alubamu yomwe munali zithunzi za agogo, za ukwati wa makolo anga, za ife tili makanda, inapezeka itamatana yonse, ukayesa kupatula nkhope ya munthu imatsalira pa pulasitiki. Chaka chomwecho achimwene anga anawabera foni mu minibasi, zithunzi za mwana wawo kuyambira tsiku lobadwa zinapita nayo. Nde ndinaona kuti pepala palokha silodalirika, foni payokha chimodzimodzi, chithunzi chomwe umachikonda chizikhala konse kuwiri.

Zomwe zagwira ntchito bwino sindichedwapo. Chodulira mapepala chikudulabe mowongoka, kampeni kake ndi kosinthika komanso kotchipa, ndipo mwa zonse zomwe ndinagula chimenechi ndiye ndalama yanga sinapite pachabe. Timakona ndi tabwino kwambiri pa zithunzi zakale chifukwa chithunzi sichikhudzana ndi guluu, ukafuna kuchichotsa umangochisolola. Zolembera za Pigma Micron inki yake sinazilale olo pang'ono. PhotoScan ya Google, app yojambulira zithunzi za pa pepala, ndi yaulere, imakuuza uyendetse foni pa timadontho tinayi nkuchotsa kunyezimira konse, zotsatira zake zimaposa kungojambula wamba. Canva yaulere, app yomwe ndimasanjira zithunzi ndi masamba, ikundikwanira, yolipira ija sindinayifune. Achibale akamakutumizirani zithunzi pa WhatsApp auzeni atumize ngati document kapena asankhe HD yomwe inabwera mu 2023, kupanda apo chithunzi chimafika chitapanidwa, pa foni chimaoneka bwinobwino koma pa pepala nkhope imachita mabokosimabokosi. Kuti chithunzi cha 4 by 6 chituluke chooneka bwino pa 300 dpi, kutanthauza timadontho 300 pa inchi iliyonse, chimafuna mapikiselo 1200 ku 1800, nde screenshot ya pa status musavutike nayo pokhapokha muyiprinte kakang'ono.

Tsopano kaprinta. Aka si ka inki yamadzi ngati maprinta a mu ofesi ayi. Kamagwiritsa ntchito riboni yopyapyala yokhala ndi utoto, mkati muli kachitsulo kotentha komwe kamasamutsa utotowo kupita pa pepala. Pa chithunzi chimodzi pepala limadutsa kanayi, koyamba chikasu, kachiwiri pinki wakuda uja, kachitatu buluu, komaliza kamayala kachikopa kowala koteteza ku madzi ndi zala. Chithunzi chimatuluka chouma kale, ungachigwire nthawi yomweyo, ndipo zomwe ndinaprinta mu 2023 mtundu wake ukadali momwemo, sizinazilale. Pamenepo sindinganame, kakafuna kamatulutsa zinthu zokongola kwabasi. Kungoti chimatuluka chakuderako kusiyana ndi mmene chimaonekera pa foni, poti foni imawala yokha pomwe pepala ayi, nde ife akhungu lakudafe ngati tinajambulidwa pamthunzi kapena mtchalitchi nkhope imamira, pamatsala maso ndi bulauzi yoyera. Ndimayamba ndakweza kuwala mu Snapseed, app yokonzera zithunzi, makamaka mbali zamdima zija, ndisanatumize. Komanso zithunzi za foni zambiri ndi 4:3 pomwe pepala ndi 3:2, ukangotumiza osayang'ana kamadula duku la munthu kapena mapazi. Zimenezi ukazizolowera si vuto.

Vuto lenileni, lomwe landisowetsa mtendere miyezi yonseyi, ndi fumbi. Ulendo uliwonse mwa inayi ija pepala limatulukira kumbuyo kwa kaprinta, panja penipeni, nkubwereranso mkati. Amene amakagwiritsa ntchito mu ofesi yotsekeka mwina sanaganizepo nkomwe za zimenezi. Ife kuno ku Bangwe nyumba yathu ili mmbali mwa msewu wafumbi, kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba fumbi limalowa olo mawindo mutatseka, mukapukuta tebulo mmamawa pofika masana mutha kulembapo dzina ndi chala. Kafumbi kamodzi kokha kakagwera pa pepala lija utoto sufika pamalo pamenepo, pamatsala kadontho koyera. Kakagwera chikasu chitadutsa kale, kadonthoko kamakhala kachikasu. Pa thambo kapena pa khoma sukaona, koma pa chipumi cha munthu wakuda kamaonekera patali, munthu amakhala ngati ali ndi chipsera chomwe alibe.

Timadontho ndinkatha kupirira. Chomwe chinandiwawa kwambiri chinachitika mu Okutobala wapitayu pomwe ndimakonza masamba oti ndikapatse mayi anga pa 15, tsiku la anakubala. Msuweni wanga wa ku Zomba anali atapeza chithunzi chimodzi cha agogo aakazi, mayi awo a mayi anga, chomwe kopi yake ina inapita ndi matope ku Chilobwe kuja. Chinajambulidwa mu situdiyo kalekale, agogo atakhala pa mpando atavala yunifomu ya Mvano, kumbuyo kuli nsalu ya maluwa. Ndinachikonza bwino pa laputopu, ndinachotsa timing'alu ta mmphepete, nkutumiza. Chinatuluka ndi mzere woonda woyera kuchokera mbali ina kukafika mbali ina, kudutsa pakamwa pa agogo penipeni. Ndinaganiza kuti ndi pepala, ndinayika lina, mzere womwewo malo omwewo. Ndinasintha riboni, chimodzimodzi. Ndinaprinta chithunzi china cha ana kuti ndione, nacho mzere. Apa nde ndinadziwa kuti fumbi silili pa pepala, lakakamira pa kachitsulo kotentha kaja mkati, nde paliponse pomwe pepala likudutsa pansi pake pakutsala njira yopanda utoto.

Ndinayesa kuuzira, ndinayesa kansalu kopukutira magalasi, kaburashi kofewa, palibe chinasintha. Ndipo muziwa kuti kuyesa kulikonse ndi ndalama. Paketi imabwera ndi mapepala 108 ndi mariboni atatu, iliyonse ya zithunzi 36, zowerengeredwa ndendende, palibe yapamwamba. Chithunzi chikawonongeka wataya pepala komanso gawo lake la riboni, ndipo pepala lomwe ladutsa kale sungalibwezeremo chifukwa limatha kumatirira riboni nkuyidula. Usiku umenewo ndinakhala pa tebulo ndi mulu wa agogo anga aliyense ali ndi mzere pakamwa, kutaya mu bini mtima sumalola, kusunga palibe ntchito. Mawa lake ndinapita nako kwa mnyamata wina wokonza mafoni ku Limbe, anakatsegula mosamala, anapukuta kachitsuloko ndi sipiriti ndi kathonje, mzere unachoka, ndinamulipira mokondwa. Chithunzi cha agogo chinatuluka choyera bwino ndipo mayi anachilandira pa tsiku lake, analira, anachigwira nthawi yaitali osayankhula. Koma pasanathe mwezi mzere unabweranso, ulendo uno chakumphepete, woonda kuposa woyamba uja koma ulipo mpaka lero.

Pano mmene ndimachitira ndi chonchi. Kaprinta kamagona mu kontena ya pulasitiki yotseka bwino, mapepala mu jumbo ya zipi, sinditulutsa ambiri nthawi imodzi. Ndimaprinta mbandakucha anthu asanayambe kusesa pabwalo ndi magalimoto asanayambe kudutsa, tebulo ndapukuta ndi nsalu yonyowa, fani yozimitsa, mbali yowala ya pepala osayikhudza ndi chala poti mafuta a mmanja nawo amasiya zigamba. Mzere wakumphepete uja ndinaupezera nzeru, mu Canva ndimasuntha chithunzi kuti mzerewo ugwere pomwe ndidzadule ndi chodulira. Zimatheka, koma munthu unagula chinthu ndi ndalama zako zambiri kuti uzichita kuchizembera chonchi, pena zimanditopetsa. Nthawi ya mvula ino timadontho tachepa kwambiri, nde ngati muli ndi zambiri zoprinta dikirani Januwale kapena Febuluwale. Magetsi nawo, akazima pepala lili pakati ndiye kuti chithunzi chimenecho chapita, chimatuluka utoto wake wosakwanira akayakanso. Batire yake amagulitsa padera ndipo mtengo wake sindinaukwanitse, nde ndikamaona kuti magetsi akuphethira ndimangodikira.

Nthawi ya mvula ili ndi mavuto akenso, koma amenewo si a kaprinta. Guluu wa ndodo uja ana amagwiritsa ntchito kusukulu anandikhumudwitsa, chinyontho chitangoyamba zinthu zina zinayamba kumatuka mmakona, pomwe zomwe ndinamata ndi tepi ya mbali ziwiri zikadali nga. Guluu wamadzi amapinda pepala, musayese. Pa nsalu ya chitenje tepi yopyapyala sigwira, ndimasoka ndi singano timfundo tiwiri titatu pa pepala lolimba, zimaonekanso bwino. Manila wa mmashopu a zolembera ndi wotchipa koma wamitundu yowala uja amazilala ndipo wina amasiya utoto kumbuyo kwa chithunzi, nde pomwe pakukhala chithunzi chenicheni chakale ndimayika pepala lolembedwa acid free, lopanda asidi, basi, manila ndimangokongoletsera mmbali. Nyuzi siyichedwa kuchita chikasu chifukwa cha mtundu wa pepala lake, nkhani ya mu nyuzi ndimayijambula nkuprinta kopi, yeniyeniyo ndimasunga payokha mu envelopu. Marisiti a pa till ndi matikiti ena aja opyapyala oterera zolemba zake zimafufutika zokha pakapita miyezi, ajambuleni tsiku lomwelo, ndipo musawapititse kokalamineta chifukwa pepala limenelo limalemba ndi kutentha, likalowa mu makina otentha limatuluka lakuda bii. Kulamineta chithunzi chakale nakonso ine sindivomereza, ukatero sudzachichotsamonso. Timatumba ta timibulu toyamwa chinyontho tija timabwera mmabokosi a nsapato musamataye, ponyani mu kabati momwe mukusunga alubamu.

Alubamu yaikulu ija ndi yokongola, koma timatumba take ta pulasitiki titatha ndinazungulira Limbe yonse ndi mtauni osatipeza, saizi imeneyo kuno anthu sayidziwa. Tsamba lake lathunthu, lomwe ndi masentimita 30 ndi kanthu mbali zonse, simungaliprintenso pa makina wamba. Ndinasamukira ku A4, fayilo ya ma ring ndi timatumba twamba ta mu shopu ya zolembera, ndipo ndikanauza aliyense kuti ayambire pomwepo. Pogula yang'anani pa paketi palembedwe PP kapena polypropylene. Pulasitiki yonunkha kwambiri yofewa ija, ya PVC, pakapita nthawi imamatirira ku chithunzi nkunyamula utoto. Ma alubamu akale aja a masamba omata okutidwa ndi pulasitiki nawonso ndi omwewo, ngati kunyumba kwa makolo ilipo jambulani zithunzizo zisanakakamire.

Pali chinthu chimodzi chomwe sindinachiyembekezere ndipo ndi chimene chimandibweza mtima ndikakwiya ndi zonsezi. Mwana wa achemwali anga anandionetsa kuti Chrome imatha kupanga QR code, kachizindikiro ka timabokosi kolozetsapo foni kaja, ya link iliyonse mwaulere. Nde tsiku lina mayi atabwera ndinawapatsa zithunzi zakale mmanja nkuyatsa rekoda ya pa foni, ndinangowafunsa kuti amayi awa ndi ndani. Anayamba kufotokoza, uyu ndi mchemwali wa agogo ako yemwe anakwatiwa ku Salisbury osabwerako, uyu anapita ku Wenela, apa panali pa ubatizo wako mvula inagwa tsiku lonse, mpaka anayimba kanyimbo komwe agogo ankayimba posinja. Anthu ena pa zithunzizo ife tonse sitimawadziwa, tikanangomata nkulemba kuti achibale. Mawuwo ndinawayika pa Drive, ndinapanga QR, nkuyiprinta kakang'ono pa kona ya tsamba. Pa Khrisimasi ana a achimwene anabwera kuchokera ku Lilongwe, ana oti alubamu sakanayiyang'ana kawiri, koma atangoona kuti ukalozetsa foni agogo awo akuyankhula anakhala pa mkeka mpaka tsamba lomaliza, kufunsa mafunso, kubwereza nyimbo ija. Zimenezi sizinanditengere ndalama iliyonse kupatula bandulo. Kungoti samalani ndi mawebusayiti ena opangira QR omwe amati ndi aulere koma pakapita masiku code imasiya kugwira mpaka mulipire, pangani yomwe yanyamula link yanu mwachindunji. Fayilo pa Drive muyitsegulire aliyense wokhala ndi link, ndipo musadzayifufute poyeretsa, Google imapereka 15 GB yaulere yomwe imagawana ndi Gmail, mawu okha sadya malo ambiri. Mayina ndi zaka ndimalembabe ndi dzanja pansi pa chithunzi, link itha kufa koma inki ikhalapo.

Tibwere ku ndalama ndi kwa mayi amene anandigulitsa kaprinta. Iwowa amaoda katundu ku Joni nkumagulitsa pa Facebook ndi pa WhatsApp, shopu alibe. Poyamba tinkagwirizana kwambiri, kaprinta anachita kundibweretsera kuntchito, anandionetsa kalumikizidwe kake ndi foni, ndipo nditafunsa za mapepala anati asisi musadandaule ine ndimapita mwezi uliwonse, simudzasowa. Mzere uja utayamba ndinawalembera ndi zithunzi zomwe, anayankha kuti warranty ili ku South Africa, risiti ili mdzina lawo, ndikafuna atha kupita nako koma ndalama yonyamulira kupita ndi kubwera ndi yanga, ndipo anawonjezera kuti fumbi si vuto la kampani nde mwina akakana kukonza. Pa fumbipo akhoza kukhala kuti akunena zoona, sindikutsutsa. Koma iwo amakhala Blantyre yomweyi, akudziwa Okutobala wathu mmene amakhalira, akanangondiuza pogulitsa paja kuti asisi aka kamadana ndi fumbi muzikasunga chonchi, mawu awiri okha, ndikanapulumutsa mapepala ambiri.

Mtengo wa mapepala ndiye wandifoola. Ndinagula kaprinta kwacha isanagwe. Mu Novembala 2023 inagwa ndi 44 peresenti, dola ku banki inachoka cha pa K1,180 kufika K1,700, ndipo amalonda ang'onoang'ono ngati mayiwa forex ku banki sayipeza, amagula kunja pa mtengo woposa pamenepo. Kuyambira apo paketi iliyonse yomwe ndaoda yabwera ndi mtengo wake watsopano, pano mapaketi atatu akukwana ndalama yomwe ndinagulira kaprinta komweko. Kali ngati nkhuku za broiler, anapiye ugula mosavuta koma chakudya chake ndiye chikumaliza. Ndipo sungathawire kwina, pepala ndi riboni zake ndi zomwezo basi, mmashopu akuno sizipezeka chisawawa, wangomangika kwa munthu mmodzi amene akupita ku Joni. Kukwera mtengoko ine sindiwada nako mayiwa, aliyense akulira, basi yakwera, duty pa boda ilipo, ndikumvetsa.

Chomwe chinandikwiyitsa ndi cha mu Disembala. Ndinkafuna paketi ya Khrisimasi isanafike poti abale amabwera, anati nditumize theka pa Airtel Money, ndinatumiza tsiku lomwelo. Khrisimasi inadutsa, Nyuwere inadutsa, nkhani yake basi yachedwa pa boda, kenako katundu ali kwa mnzawo ku Lilongwe. Itafika paketi ija bokosi lake linali lofananako mtundu ndi lomwe ndinazolowera koma dzina ndi lina, lochita kutengera. Ndinafunsa, anati ndi zomwezo asisi, zenizeni zasowa ku Joni konse. Ndinamaliza kulipira mtengo wosasiyana kwenikweni ndi wa zenizeni. Zithunzi zoyamba zinatuluka zobiriwira, khungu la mwana wanga ngati akudwala, kenako riboni inadukira mkati nkukulungika, ndinachita kuyisolola pang'onopang'ono ndi mantha kuti kaprinta kafa. Ndinawaimbira mawu anga akunjenjemera, ndinawauza kuti mayi mukanandiuza poyamba kuti zenizeni kulibe ndikanasankha ndekha kudikira kapena kutenga zotchipazo pa mtengo wotchipa, osati kundipatsa mwakachetechete. Poyamba anaumirira kuti makasitomala ena sakudandaula. Patapita masiku anandiimbira okha, anapepesa, anati nawonso anapusitsidwa ndi amene anawagulitsa, anatuma mwana kudzatenga mariboni awiri osatsegula aja nkulonjeza kubweza ndalama yake. Gawo lina anabwezadi, ndiwayamikire pamenepo chifukwa ambiri akanangondibloka. Lotsalalo ndikudikirabe.

Nditawerengera bwinobwino, kuphatikiza zowonongeka ndi fumbi ndi magetsi, chithunzi chimodzi cha pa kaprinta kanga chikundidyera ndalama zambiri kuposa kukaprintitsa ku situdiyo mtauni. Nde pano zambirimbiri ndimaziyika pa flash nkupita nazo ku situdiyo, ndimawauza asadule okha ndakonza kale saizi, masamba a A4 okhala ndi mawu ndimaprintitsa ku stationery pa pepala lolimba. Kaprinta ndimakasungira tizithunzi ting'onoting'ono, pa pepala limodzi ndimayikapo tinayi mu Canva nkudula, apo ndiye mtengo umatsika, komanso zithunzi zomwe sindifuna kuti anyamata a ku situdiyo aziziona, ngati za kuchipatala pobadwa mwana. Masiku omwe mzere waonekera pa chithunzi chabwino ndimafuna kungokagulitsa ndithane nazo. Koma mlendo akabwera, azakhali aja a ku Chilobwe mwachitsanzo, ndikawajambula ndi adzukulu awo nkuwapatsa chithunzi mmanja asanamalize tiyi, iwo amene zithunzi zawo zonse zinapita, ndimaona kuti ayi kakhale.

Amene mukuyamba kumene, ndalama yanu iyambe yapita pa chodulira, tepi yabwino, timakona, cholembera chosazilala, fayilo ya A4 ndi timatumba ta PP, zonsezi pamodzi sizifika olo theka la mtengo wa kaprinta ndipo buku lonse mutha kulimaliza ndi zithunzi za ku situdiyo. Kaprinta gulani pokhapokha muli ndi mbale ku South Africa kapena ku UK woti azikutumizirani mapepala enieni, kapena muli ndi ndalama yogula mapaketi angapo tsiku lomwelo mtengo usanasinthe. Funsani risiti, funsani kuti kakavuta kapita kuti ndipo alipira ndani, ayankhe pa meseji osati pakamwa. Ine mayi aja ndawalemberanso Lolemba za ndalama yotsala, awerenga, ati kumapeto a mwezi. Ndawauza kuti akamaliza kubweza ndiodanso kwa iwo omwewo poti wina ndilibe, koma ulendo uno deposit sinditumiza, ndilipira katundu ali mmanja, ndipo bokosi nditsegula iwo ali pompo.